Chitseko Chimene Chinkafunsa Rukiya

Che Sumani Mtalika anafika pakhonde pa Shehe Bwanali swala ya Asiri, pemphero la madzulo, itangotha, girisi akadali m'zikhadabo. Anali wokonza njinga pa Ntaja, munthu wosaphonya swala, koma wamakani osasimbika. Akanena kuti sipoko yapindika ndiye kuti yapindika, mwini njinga ngakhale alumbire. Shehe, amene anaphunzitsapo Chichewa kusekondale asanapume, anali pamkeka akusoka thumba la mkanjo wawo.

Atapatsana salamu, Che Sumani anakana kukhala pansi.

"Shehe, sindinabwere kudzafunsa nzeru. Ndabwera kudzakudziwitsani. Mwana wanga Rukiya sukulu wasiya. Mayeso a Fomu 4 alembe ena. Ndipo Lachisanu pa swala ya Juma mulengeze, makolo adziwe kuti kusukuluko ana athu akuphunzitsidwa kunama."

"Bodza ndi mlandu waukulu," anatero Shehe, osasiya kusoka. "Wanama chiyani mwanayu?"

"Akuti ndakatulo. Aphunzitsi anawauza kuti aliyense apeke yake. Ndamumva ndekha akulakatula uku akusesa pabwalo."

Ndipo Che Sumani, milomo ataipinda monyansidwa, anainena yonse osaphonya ngakhale liwu:

"Jeneza linatuluka ndi amayi pamapewa a amuna,
msewu unawameza ine ndikuona.
Chitseko chokha ndicho chimandifunsa,
Rukiya, wadzuka bwanji?"

Atamaliza anamenya m'manja kamodzi. "Msewu uli ndi khosi? Chitseko chili ndi lilime? Mkazi wanga Abiti Daudi anatengedwa ndi Allah, osati msewu. Ndinamutsitsa m'manda ndi manja anga omwewa. Lero mwana wake yemwe azipeka nthano pa imfa yake?"

"M'kalasi zimenezo timazitcha zipangizo za ndakatulo," anayankha Shehe modekha. "Kupatsa chinthu chopanda moyo zochita za munthu timati umunthu."

"Muzitche mmene mungazitchere, Shehe. Njinga yothyoka sichira ndi penti."

Shehe anamwetulira, chifukwa mawuwo anawakonda. "Mwanena bwino. Tsono ndithandizeni, ine nzeru zanga ndi zochepa. Mutamva kuti chitseko chimafunsa, munapita kukachiyang'ana ngati chamera pakamwa?"

"Kodi ndapenga?"

"Nanga aphunzitsi ake, kapena anzake a m'kalasi, alipo amene akapite kukayang'ana?"

"Palibe."

"Wabodza amafuna kuti womva akhulupirire chimene kulibe. Apa wanamizidwa ndani?"

Che Sumani sanagonje. Anthu otere akapanikizidwa amangokweza chibwano, ndipo iwo anachikweza ndithu.

Shehe anabaya singano pamkanjo n'kuwayang'ana. "Ana ndinkawauza kuti kutchula chipangizo sikumvetsa ndakatulo. Pamafunika kupeza mfundo yake yaikulu, chimene chikumuwawa mlakatuli. Inu mwapima masipoko onse, koma simunafunse kumene njinga ikulowera. Tsiku la maliro lija munali kuti?"

"Mukudziwa, Shehe. Munaswalitsa ndinu. Ndinali kutsogolo kwa jeneza mpaka kumanda."

"Nanga Rukiya?"

"Anatsala pakhomo ndi azimayi, monga timachitira."

"Ndiye manda sanawaone. Sanaone manja anu akutsitsa mayi ake. Chomaliza chimene anaona n'chiyani?"

Apa Che Sumani anaona pakhomo pawo m'maganizo. Kuchokera pakhonde, msewu umatsetsereka pang'ono n'kukhota kuseri kwa chigayo. Amene waima pakhondepo amaona anthu akuchepa, kenako zii. Zimenezi anali asanaziganizirepo, pakuti iwo tsiku limenelo sanacheuke.

"Msewu," anatero motsitsa.

"Mwanayo wanena zimene maso ake anaona."

Zinawapweteka Che Sumani, ndipo ululuwo unasanduka mkwiyo. Chiikireni malirowo, dzina la Abiti Daudi anali asanalitchule m'nyumbamo. Ankatuluka m'bandakucha kupita kumzikiti, pobwerera n'kungotenga masipanala, madzulo n'kudya ali chete. Kwa iwo kumeneko kunali kupirira, ndipo ankanyadira nako.

"Ine ndapirira monga Msilamu," anatero. "Sindinadandaule kwa Allah. Sindinagwetse msozi pamaso pa mwana. Sanagonepo ndi njala, yunifolomu sinamusowe. Musandiweruze ndi timawu ta kamtsikana, Shehe. Mwana ndi wanga, ndipo ndanena kuti sukulu wasiya. Ndangofuna yankho limodzi: mulengeza kapena simulengeza?"

Shehe anadzuka pang'onopang'ono, atagwira mzati, mpaka anaima maso ndi maso ndi mlendo wawo.

"Sindilengeza, Che Sumani, Lachisanu lino kapena lina lililonse. Sindingaime pamaso pa Allah n'kutcha mwana wonena zoona wabodza. Akuti m'nyumba mwanu chimamufunsa ndi chitseko chokha. Mukamuchotsa sukulu, atsala nacho chitsekocho tsiku lonse. Koma ngati mukufunitsitsa kuti ndakatuloyo ikhale bodza, njira ilipo. Mawa m'bandakucha pochokera ku swala ya Subuhi, musayambe mwatenga masipanala. Mukamufunse inu mmene wadzukira, chitseko chisanamufunse."