Chipale Chosasefa cha a Tokuemon

Ine ndayenda, abale anga. Ndinayamba ndi kugulitsa tiyi ndi mpunga wa m'timabokosi m'nyumba za zisudzo za kabuki, kuchokera ku Sendai mpaka ku Hakata, ndipo lero ndili ndi nyumba zangazanga zogona alendo. Zodabwitsa ndaziona zambiri, koma pa anthu amoyo ndine ndekha ndingakusimbireni bwino za tsiku limene chipale chofewa chinatema munthu pamphumi.

Zinachitika m'tauni ina ya ku Shikoku, pa gulu la a Tokuemon. Bambowa ndiwo anali eni gulu, ndiwonso ankavina mbali za anamwali. Akadzipaka nkhope mbuu n'kupendeketsa khosi, akazi enieni ankachita nsanje. Luso analinalo, koma khutu analibe.

Chipale cha pa siteji ndi timapepala toyera toduladula. Amatithira m'dengu lalitali la nsungwi lopachika kudenga, munthu n'kumaligwedeza. Sewero likatha amatisesa, n'kutisefa, kenako n'kutibwezera m'dengu. Kusefako sadumpha, chifukwa tsache silisankha.

Tsiku limenelo masewero anali awiri, ndipo ku lachiwiri kunkabwera a Kuroiwa, mwini nyumba yaikulu ya zisudzo ku Osaka. Akakhutira, gulu likagwira ntchito kumeneko nyengo yonse yozizira. Akapanda kukhutira, gulu libalalika, aliyense akadzipanikize kwa achibale.

Pakati pa masewero awiriwo akalipentala anakhomerera matabwa a siteji amene ankalira, ndipo nthawi inathera pamenepo. Genroku, wogwedeza dengu, anatulukira sefa ili m'manja.

"Iwe Genroku," anatero a Tokuemon, "ufa ukufuna kusefawo ndi wa ukwati wa ndani?"

"Bwana, amisiri angochoka pano. Ndisefe kaye pang'ono."

"Anthu adzaza pakhomo, iwe uli pang'ono pang'ono! Wola, thira m'dengu, kwera!"

Mayi Otane, akazi awo, amene ankawamanga lamba wa chovala, analowererapo. "Bambo a Shinzo, mulekeni asefe. Pansi pa dengupo muimapo ndinu, si iye."

"Iwe mangitsa lambayo. Zaka zonsezi pepala linandiphapo?"

Sewero linayenda bwino mpaka pa gule womaliza, wa namwali wosiyidwa ndi bwenzi lake m'chipale. Ng'oma yaikulu inayamba kugunda pansipansi, monga imachitira chipale chikamagwa. Ine ndinaima pambali ndi ketulo yanga, pomwe ndinkatha kuona kudenga. Genroku anagwedeza dengu kamodzi, ndipo ndinamuona akuuma thupi. Mkati mwa mapepala munalira kanthu, ngwe.

Anayamba kugwedeza monyengerera, ngati wonyamula dzira. Chipale chinkagwa chochepa. A Tokuemon, ali pansi pa ambulera, anaponda pansi mwamphamvu kuti awonjezere. Genroku anawonjezera. Kanthu kanagunda ambulera, pha, n'kugubuduzika. Mayi Otane, kuseri kwa nsalu, anagwira pakamwa. Tonse tinkadziwa chimene chikubwera: kumapeto kwa gule ameneyu namwali amataya ambulera, n'kuyang'ana kumwamba, chipale n'kukhuthuka chonse.

Genroku akapanda kukhuthula, gule afa wopanda chipale pamaso pa a Kuroiwa. Akakhuthula, sakudziwa chimene chatsala m'dengumo. Ambulera inagwa. Nkhope yoyera ija inayang'ana kumwamba. Genroku anatsinzina, n'kukhuthula.

Msomali wa akalipentala unatera pamwamba pa diso la a Tokuemon. Magazi anatsetsereka pa utoto woyera, ndipo namwali wofatsa uja anabangula ndi liwu lake lenileni, la bambo wa ndevu: "Genroku, galu iwe!"

Kenako wina kumbuyo anakuwa: "Mtsikanayu n'chifukwa chake anamuthawa!" Chiseko chinaphulika, mpaka woimba ng'oma anaphonya.

A Kuroiwa sanaseke. Anapinda chokupizira mphepo chawo, n'kuuza Mayi Otane pakhomo kuti: "Amavina bwino amuna anu. Koma siteji yanga ili ndi maenje otseguka ndi zingwe zonyamula anthu. Amene sasefa chipale, kumeneko adzandiphera munthu."

Gulu linabalalika chipale chenicheni chisanagwe. Mayi Otane, akutsuka bala lija, anangofunsa funso limodzi: "Nanga pepala lija, bambo a Shinzo?"

Msomaliwo ndinautola ndine. Uli pakhoma m'nyumba yanga ya alendo ya ku Hakata, wokana abwere adzaugwire ndi dzanja lake. Pamwamba pake ndinalembetsa mawu a akuluakulu: samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.