Kapuku ndi Mpando wa Njati

Padangokhala, osati kutchire ayi, koma m'kati mwa gemu ya pa TV yakale m'babashopu ina ku Bangwe, kambewa kena dzina lake Kapuku. Ntchito yake inali kuyenda pakakhoma ka njerwa koyambirira, kupita uko, kubwerera kuno. Munthu wodikira kumetedwa akangogwira mabatani, m'gemumo munkatulukira chimunthu chovala jombo zikuluzikulu, chimene nyama zonse zinkachitcha Chijombo. Chinkathamanga, n'kudumpha, n'kutera pamutu pa Kapuku, phwa! Gemu ikayambiranso, Kapuku ankadzuka mutu ukulira ngati chigayo.

Koma chowawa kwambiri inali njala. Masuku ankalendewera m'mwamba njira yonse, kutali ndi kamwa la mbewa, ndipo onse ankathera m'mimba mwa Chijombo.

"Kupondedwa ndipondedwe ine, kudya adye ena?" anadandaula Kapuku.

Tsiku lina wometa atapita kukadya nkhomaliro, Kapuku anatsika pakakhomapo n'kupita kumlatho kumene kunkalondera Nguluwe.

"Iwe, wathawa ntchito?" anafunsa Nguluwe.

"Ndabwera kudzapuma, achimwene. Kutchuka kwanditopetsa. Anthu a kuseri kwa galasi aja akangoyatsa TV, nkhope yoyamba kuiona ndi yanga. Dzulo wina anafunsa kuti, kodi m'gemu muno mulibe nyama ya maonekedwe? Mtima unandiwawa poganiza za mano anu okongolawo, akungoonedwa ndi mlatho."

Nguluwe ananyambita mano. "Nanga jombo ija?"

"Kuja n'kusisita chabe. Simukuona mmene mutu wanga wasalalira? Weramani ndikupeseni, musakaonekere ndi ubweya wanyankhalala."

Kapuku anakwera pamsana, dzanja limodzi likupesa, linalo likuthyola masuku. Atatsika, Nguluwe ananyamuka ulendo wa kukakhoma kaja, akudzigwedeza ngati mkwati.

Kutsogolo kunali mtsinje, ndipo m'menemo munkakhala Ng'ona.

"Amalume, muli pano? Simunaitanidwe?" anatero Kapuku modabwa. "Kukakhoma kuli msonkhano wokambirana za mavuto a nyama zing'onozing'ono. Zokambirana zake n'zochepa, koma nkhomaliro yake! A Nguluwe afika kale."

"Nguluwe akudziwa chiyani?" anakalipa Ng'ona. "Nyama zing'onozing'ono ndimazidziwa ndine. Ndadya zambiri."

"N'chifukwa chake akufuna katswiri ngati inu. Ingondiwolotsani kaye, ndikawauze ena."

Ng'ona anamuwolotsa, n'kuvuuka m'madzi, ulendo wa kumsonkhano.

Kumapeto kwenikweni kwa gemu kunali Njati, bwana wa nyama zonse, atakhala pampando, mulu wa masuku uli pambali. Chigulireni TV ija, palibe wosewera amene anafikako, choncho Njati sankadziwa n'komwe kuti jombo imalemera bwanji. Kapuku anafika chokwawa, akuomba m'manja.

"Bwana wamkulu, inu amene mukayetsemula njerwa zimagwa, ndabwera ndi mawu oipa. Nguluwe ndi Ng'ona ali kutsogolo, akudzionetsa kwa anthu ngati eni gemu. Akuti inu munamwalira kalekale, kuno kwangotsala mpando."

Njati anadzambatuka, mphuno zikutuluka utsi. "Ine kumwalira? Sunga mpandowu. Koma usakhalepo!"

"Ine, bwana? Ndingayambe bwanji?"

Fumbi la Njati lisanathe, Kapuku anali atakhala kale, mwendo wina pamwamba pa unzake. Anadya masuku, kudya, kudya, mpaka mimba inati tswii ngati mpira.

"Utsogoleri si nyanga," anatero akubzikula. "Ndi kudziwa pokhala."

Nthawi yomweyo wometa anabwerako, ndipo analowa ndi a Makwinja, a njinga ya kabaza, munthu amene pa gemu imeneyi anali asanadutsepo ngakhale mlatho. A Makwinja anagwira mabatani podikira kuti mpando wometera usesedwe. Chijombo chinatulukira, n'kupeza zilombo zitatu zitapanikizana pakakhoma ka mbewa. Nguluwe anali kuonetsa mano kugalasi, Ng'ona akufunsa za nkhomaliro, Njati akufuula kuti adakali moyo. Chijombo chinadumpha. Phwa! Phwa! Phwa!

Ndiye njira yonse inali pululu. Pamlatho popanda mlonda, mumtsinje mopanda mwini.

"Lero ndi lero!" anakuwa a Makwinja. Anakana kusiya mabatani, moti wometa anangoyamba kuwameta ali chiimire.

Kapuku anamva mgugu wa jombo, di, di, di. Anathamangira kuuna umene unali kuseri kwa mpando. Mutu unalowa, mapewa analowa, mimba inakana. Anabwerera chafutambuyo, n'kudzisansa, n'kumwetulira mpaka m'makutu.

"Takulandirani, bwana Chijombo! Ine ndakhala munthu wanu kuyambira kalekale. Mukuganiza kuti ndani wakuchotserani zilombo zija panjira? Mpandowu ndimangokusungirani!"

Koma Chijombo chinalibe makutu. Makutu anali a a Makwinja, ndipo m'menemo munkalira makina ometera.

Phwa!

Kapuku anatsinzina, kudikira kukomoka monga mwa masiku onse. Sanakomoke. Pamenepo m'pamene anadziwa lamulo limene Njati sanamuuze, loti wokhala pampando sagwa ndi jombo imodzi.

Phwa!

"Ndine wogwirizira chabe!"

Phwa!

"Eni mpando ali kumsonkhano!"

Phwa! Masuku onse aja anatuluka mmene analowera, ndipo TV inayamba kuimba kanyimbo ka chipambano.

A Makwinja anayang'anitsitsa pagalasi, mutu uli wometedwa mbali imodzi. "Aise, bwana wake wa gemu yonseyi ndi ameneyu? Kambewa?"

Wometa anapukuta makina ake pa thalauza. "Akuluakulu ambiri, mukawafika pafupi, amakhala otero. Weramutsani mutu."