Khasu la Elube pa puloti ya ku Tiyese

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, ngakhale eni ake ambiri anaiwalika. Uwu womwe mumve lero, anthu a m'munsi mwa phiri la Nkhwali amati unabadwira pakhomo pawo, ndipo ukawatsutsa amakugwira dzanja n'kukakulozera malo ake enieni.

Kunali mayi wina dzina lake Elube. Mwamuna wake, Lameki, anali telala wosoka mayunifolomu a sukulu pakhonde la sitolo ina mumsika. Anali ndi mwana mmodzi, Sungeni, amene anali atangoyamba kukwawa. Ankakhala m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, ndipo kwa zaka zisanu anakhala akudzimana kuti tsiku lina adzagule puloti yawoyawo. Chaka chimenecho eni nyumba anawauza kuti pofika Disembala atuluke, poti mwana wawo anali kubwera kuchokera ku Joni kudzakhalamo.

Elube ankadziwika ndi mantha. Madzi a mwana ankawawiritsa kawiri. Sungeni akatsokomola kamodzi, iye anali atayamba kale kufunafuna buku la kusikelo. Anzake pamjigo ankamuseka, koma sankadziwa kuti iye anakulira kuchigwa cha Shire, kumene ali wamng'ono anaona madzi akunyamula nkhokwe ya bambo ake, mbuzi ziwiri zili pamwamba pake.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Lameki anabwera ndi uthenga. Anali atakumana ndi a Gwaza, ejenti wogulitsa malo, amene anali atadula mapuloti atsopano m'munsi mwa phiri n'kuwatcha dzina loti Tiyese. M'mawa mwake anapita kukaona, Sungeni ali kumbuyo kwa mayi ake.

"Taonani, bwana," anatero a Gwaza, akuloza ndi makiyi a galimoto. "Malo osalala ngati tebulo lanu losokerapo. Palibe chulu, palibe chitsa, palibe mwala. Mungofika n'kukumba maziko. Mjigo ndi uwo, sukulu mukuiona malata ake. Nambala seveni iyi ndakusungirani inuyo, chifukwa ndakukondani."

Lameki anayenda kuchokera pachikhomo china kufika pa china, akuwerenga mapazi ndi kuloza pomwe padzakhale chipinda cha mwana. Elube sanayende. Anangoima, maso ali pansi. Dothi la pamapulotipo linali lofiira, pamene la m'mabwalo a nyumba zakale za m'mbali linali lakuda. Atakweza maso anaona khwawa louma likutsika m'phiri, n'kudzathera mwadzidzidzi pamalire a mapuloti ngati chingwe chodulidwa ndi mpeni. Atacheuka anaona kuti kumunsi kwa mapulotiwo khwawa lomwelo likuyambiranso.

"A Gwaza," anafunsa motsitsa mawu, "dothi ili linabadwira pano?"

A Gwaza anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Madamu, dothi limabadwa? Mufuna ndikuonetseni chitupa chake?"

"Nanga khwawa lija likuthera kuti?"

"Lija ndi lakale, linatha ntchito. Madzi tinawapatutsa. Tinawakumbira ngalande uko."

Elube anaiona ngalandeyo. Inali yoti nkhuku n'kuilumpha osatambasula mapiko.

"Mungatilole tikumbe pang'ono tione pansi?"

Kuseka kuja kunatha. "Pamalo anga munthu sakumba asanalipire. Loweruka ogula onse abwera ndi mboni zawo kudzasaina. Wochedwa apeza zitatha."

Pobwerera, Lameki ankayenda patsogolo osacheuka.

"Mwandichititsa manyazi, make Sungeni. Munthu watikomera mtima, inu mukumufunsa ngati wapolisi."

"Manyazi sanaphepo munthu, bambo a Sungeni. Tidikire mvula, tikawaone malowo ali onyowa."

"Puloti imadikira mvula? Nanga Disembala tikagona kuti? Pansi pa makina osokera?"

"Kulikonse, koma mwana wanga sakagona pamalo amene sindinawaone pansi pake."

"Mantha anuwa adzatikalambitsa pa lendi."

Mawu aja anamupweteka Elube chifukwa mwina anali oona.

Lachinayi anabwerera yekha ku Tiyese. Kumbali kwa mapuloti kunali uvuni wa njerwa, ndipo mwini wake, a Jailosi, anali atakhala kumeneko zaka makumi atatu. Elube anagwada patali n'kupereka moni, kenaka anafunsa zomwe zinali pamalopo kale.

A Jailosi anapitiriza kusanja njerwa. "Mayi, ine ndimagulitsa njerwa, sindigulitsa nkhani. A Gwaza ndi amene amandibweretsera ogula. Mukufuna ana anga adye chiyani?"

Elube anadzuka kuti azipita. Mkuluyo anatsokomola.

"Koma za ntchito yanga ndingakuuzeni. Ife oumba njerwa sitikhulupirira dothi lapamwamba. Tisanaponye chikombole timakumba kaye mpaka m'chiuno. Pamwamba aliyense angathe kupakongoletsa. Pansi sipanama."

Loweruka linafika. A Gwaza anaika tebulo pansi pa ambulera yaikulu, mapepala atawasanja n'kuwatsindira ndi mwala. Mabanja okwana khumi anaima pamzere ndi mboni zawo, Lameki ali wachitatu, atavala jekete yake ya kutchalitchi. Ndipamene anthu anaona mayi akubwera mumsewu, mwana ali kumbuyo, khasu lili paphewa. Sanapereke moni kwa aliyense. Anafika pakati pa nambala seveni, anamangitsa chitenje chake, n'kugwetsa khasu pansi.

"Iii! Mayi inu!" anakuwa a Gwaza. "Mukuchita chiyani pamalo anga?"

"Ndikuona katundu ndisanagule. Ngakhale tomato timamutembenuza."

Anthu ena anaseka. Lameki anachoka pamzere akuthamanga.

"Make Sungeni, chonde, anthu akutiona."

"Ationedi. Nawonso ali ndi ana."

"Ndikuitanirani apolisi!" anatero a Gwaza, foni ili kale m'manja.

"Aitaneni. Muwauze abwere ndi fosholo, tithandizane."

Khasu silinaime. Dothi lofiira linali lofewa ngati ufa, ndipo dzenje linakula msanga. Litafika m'mawondo, kufiira kunatha. Panatuluka zidutswa za njerwa, majumbo akale ndi mabotolo osweka. Sungeni anayamba kulira chifukwa cha kugwedezeka. Mzere uja unali utasweka tsopano, anthu atazungulira dzenje.

Lameki anayang'ana majumbo aja nthawi yaitali. Kenaka anavula jekete, anampatsa munthu amene sankamudziwa n'komwe, nati, "Bweretsani khasulo. Yamwitsani mwana."

Anakumba iye. Dzenje litafika m'chiuno, khasu linalira mwa mtundu wina. Lameki anawerama n'kutulutsa mchenga woyera wa kumtsinje, timiyala tosalala ngati mazira, ndi patapata mmodzi wa mwana. Mchengawo unali wonyowa, mu Okutobala.

Elube anatapa mchengawo m'manja onse awiri, anayenda mpaka patebulo, n'kuuthira pamwamba pa mapepala.

"Uwu ndiwo mukugulitsa. Sainitsani uwu."

Mabanja asanu ndi awiri anachoka tsiku limenelo osasaina. Atatu anagulabe, ati mtengo unali wabwino, koma anati ayamba kumanga mvula ikatha. A Gwaza anakwera pampando kuti onse amve.

"Mukumvera mayi woopa chithunzithunzi chake? Chabwino. Pa nambala seveni pomwepa ndimangapo ofesi yanga. Mudzandipeza ndikumwa tiyi m'menemo, inu mukadali pa lendi!"

Anachitadi zimenezo. Pasanathe milungu isanu panaima kanyumba ka malata owala, kopakidwa penti wobiriwira, dzina lawo litalembedwa pakhoma ndi zilembo zazikulu.

Disembala Elube ndi Lameki anasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa msika, kodontha pakona, koyandikana ndi chigayo. Mvula inayamba, koma inali yofatsa. Ngalande ija inanyamula madzi ake bwinobwino, ndipo ofesi inaima osanyowa ngakhale pakhonde. Pamjigo anamupatsa Elube dzina loti Nakhasu. Lameki sanamudzudzule, koma ankati akamasuntha mphasa kuthawa podontha, amangopuma mozama, ndipo kupuma kumeneko kunkalasa kuposa mawu. Nthawi zina Elube ankadzifunsa ngati sanatayitse banja lake mwayi chifukwa cha nkhokwe imene inapita kalekale. Komabe wina akamufunsa ngati akudandaula, ankayankha kuti, "Mvula sinathe."

Iye anayamba chizolowezi chimene chinawonjezera kumuseka. Akamva za puloti yogulitsa, ankadikira tsiku la mitambo, n'kunyamula mwana ndi ambulera kukaiona.

Tsiku lina mu Januwale, dzuwa litangopendeka, ankachokera kukaona malo ena pamtunda wa kumbali kwa phiri. Ku Tiyese dzuwa linali likuwala, koma pamwamba pa phiri panali mtambo wakuda bii, utakhala pamenepo kuyambira m'mawa. Elube anaima. Mphepo inabwera yozizira, ikununkha matope. Kenaka anamva phokoso lapansipansi, ngati lole yolemera ikubwera kutali, pamene kuphiriko kulibe msewu. Phokoso limenelo anali atalimvapo kamodzi pamoyo wake.

Poyang'ana kumunsi anaona galimoto ya a Gwaza ili pakhomo pa ofesi, ndi njinga ziwiri za alendo. Miyendo inamuuza kuti athawire kumtunda. Anamangitsa mwana, n'kuthamangira kumunsi.

"Tulukani! Tulukani nonse!"

A Gwaza anasuzumira pawindo, kapu ili m'manja. M'katimo munali mnyamata ndi mtsikana ongokwatirana kumene, cholembera chili kale m'zala.

"Aa, ndi a Nakhasu. Lero mwaiwala khasu? Mvula ili kuti, mayi? Taonani dzuwa."

Elube sanataye nawo nthawi. Analowa, anagwira mtsikana uja padzanja n'kumukokera kunja. "Achemwali, mukandikwiyire tili pamtunda." Mnyamata uja anawatsatira akukalipa. A Gwaza anatuluka kuti abweze makasitomala awo, ndipo ali pakhonde nawonso analimva phokoso lija. Kapu inagwa. Anathamanga kuposa onse.

Atangofika pauvuni wa a Jailosi, madzi anatulukira m'khwawa, ofiira, atasenza mitengo, mapesi ndi miyala. Atafika pangalande sanakhote n'komwe. Anailumpha, nalunjika pakati pa mapuloti, akukokolola dothi lofiira lija, limene a Gwaza anachita kuthira ndi malole, ngati munthu akusesa pabwalo pake. Analowa muofesi pakhomo lakumbuyo n'kutulukira lakutsogolo, atanyamula tebulo ndi mipando. Kenaka khoma lolembedwa dzina lija linagwada pang'onopang'ono, malata n'kugona pamwamba pake. Galimoto inatembenuka kawiri n'kukatsamira pachitsa kumunsi.

Madzi atachepa, panalibenso nambala seveni, kapena sikisi, kapena eyiti. Panali khwawa limodzi lochokera m'phiri mpaka kumunsi, lopanda podukira.

A Gwaza anakhala pamulu wa njerwa, nsapato imodzi itasowa. "Koma tinawapatutsa," ankangobwereza. "Tinawakumbira njira ina."

Elube anali akutonthoza Sungeni. Anawayang'ana a Gwaza m'maso, nati, "Munawapatutsa ndinu, iwo sanavomere. Madzi saiwala khwawa."

A Jailosi anawabwereza mawuwo, mtsikana uja anawabwerezanso, ndipo pofika mawa lake anali atafika kale pamjigo ndi mumsika. Palibe anamwalira tsiku limenelo. Elube ndi Lameki anagula kapuloti kakang'ono ka pamtunda paja, kamiyala, kokhala ndi chulu pakona, atakaona katatu mvula ikugwa. Sungeni anaphunzira kuyenda pamenepo.

Chilimwe chotsatira anthu anawaona a Gwaza kudera lina, akulondolera malole a dothi m'dambo. Amene anawaona anangopukusa mutu n'kunena mawu omwe aja, ndipo kuyambira pamenepo mwambiwu unayamba kunenedwanso za anthu.

Madzi saiwala khwawa. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chimabwerera m'njira imene chinazolowera, ngakhale patapita zaka, ngakhale wina ataikwirira n'kuisalaza. N'chimodzimodzi munthu. Amene anazolowera khalidwe lina amatha kulibisa kwa kanthawi, koma mpata ukapezeka amabwerera komweko. Choncho ana inu, tsiku limene mudzafune malo omangapo nyumba, musadzafunse mtengo wokha. Mudzafunse chimene chinali pamalopo kale, mudzafunse anthu okhala m'mbali osati wogulitsa yekha, ndipo mudzapiteko mvula ikugwa. Adzakusekani, adzakupatsani maina, adzakuuzani kuti wochedwa apeza zitatha. Asiyeni aseke. Pansi pamene mwana wanu adzagone, mudzapaone kaye ndi maso anu.