Masamba a Babai wa Kabiri

Kabiri atabwerako ku ntchito ya m'sitima, komwe anatha zaka khumi ndi ziwiri akuona madoko a eni, anapeza dzenje la babai la malemu bambo ake likumudikira kuseri kwa mudzi wawo pa chilumba cha Butaritari. Dzenjelo anagawana ndi mlongo wake wamkulu, Nei Tekua, iye mbali ya kum'mawa, mlongoyo ya kumadzulo. Mwana wamkazi wa Kabiri, Rotia, anali atatomeredwa kale, ndipo pachilumbapo bambo wa mkwatibwi amalemekezeka malinga ndi kukula kwa babai, koko wamkulu wa m'madzi uja, amene wafika naye paukwati.

Nthaka ya kumeneko ndi mchenga wopanda chonde, mbewu imabweza chokhacho chimene waidyetsa. N'chifukwa chake Nei Tekua ankatola masamba ofota tsiku ndi tsiku, n'kuwasakaniza ndi dothi lakuda la pansi pa mitengo, kenako n'kulowa m'matope mpaka m'chiuno kukathira m'madengu oluka ozinga tsinde lililonse. Kabiri ankaona ngati ntchito ya anthu osayenda. Anati kunja kuno palibenso wodyetsa mbewu ndi manja ngati khanda, ndipo anaitanitsa thumba la feteleza woyera ngati mchere kwa mnzake wa m'sitima.

"Achimwene, mchere wanuwo umanenepetsa tsamba," anatero Nei Tekua. "Pansipo pamafuna zowola."

"Inu pitirizani kusamba matope, achemwali. Ine msana wanga ndinausiya m'nyanja."

Pasanathe miyezi itatu, mbali ya kum'mawa inabiriwira mochititsa kaso. Masamba anatalika kuposa munthu, otambalala moti mayi ndi mwana akanabisalamo mvula. Odutsa ankaima n'kumagwedeza mitu, Kabiri n'kumawonjezera mcherewo. Mkazi wake atamuuza kuti madengu aphwa, ndipo madzi a m'dzenje ayamba ndere ndi kafungo, anamuyankha kuti nsanje ya achemwali yamulowa nayenso. Kwa Tebano, bambo wa mkwati, analonjeza babai wofuna amuna awiri ndi mtengo paphewa.

Zaka ziwiri zinatha choncho. Kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike, Kabiri anaitana amuna a kuchimuna kuti adzanyamule okha. Anabwera anayi, mitengo ndi zingwe m'manja. Iye analowa m'dzenje, nagwira tsinde lalitali koposa, nakonzeka kulimbana nalo. Linazuka ndi dzanja limodzi. Kunsi kwake kunali kanthu kosaposa kokonati, kofewa, kotuluka madzi ukakadina. Anazula lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu ndi chiwiri, thukuta lili kamukamu ngakhale anali m'madzi. Onse anali chimodzimodzi.

"Mitengoyi tikabweze, alamu," anatero mmodzi mwa amunawo motsitsa mawu. "Uyu akwana m'thumba la malaya."

Palibe anaseka, ndipo kusasekako ndiko kunamulasa Kabiri. Anakhumba matopewo atamumeza.

Nei Tekua anali ataima kumtunda nthawi yonseyi. Anakwinya nsalu yake, natsikira mbali ya kumadzulo, naloza masinde atatu a masamba osaoneka bwino amene anawadyetsa zaka zisanu ndi chimodzi, kusungira ukwati wa mwana wake wamwamuna. Amuna aja anawakumba mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo lililonse linafunadi mapewa awiri.

Mawa lake m'maneaba, nyumba yaikulu ya msonkhano, Tebano anaimirira nayamika Kabiri chifukwa cholemekeza banja lawo ndi babai wotere. Anayankhula mwaulemu wonse, koma pachilumba nkhani imafika munthu asanafike. Kabiri anaona maso a mudzi wonse akumulambalala, kukagwera pa mlongo wake amene anakhala kumbuyo, zikhadabo zili bii ndi dothi. Rotia, podutsa ndi mwamuna wake, anagwada pamaso pa azakhali akewo nthawi yaitali, misozi ili m'maso, koma atafika kwa bambo ake anangowagwira dzanja.

Ukwati wa mwana wa Nei Tekua unasunthidwa mpaka m'dzenje mudzakhwimenso babai wina. Mnyamatayo sanadandaule pamaso pa amalume ake, ankangowapatsa moni mwaulemu ngati kale, ndipo moniwo unkamulemera Kabiri kuposa chipongwe. Kabiri anayamba kuyenda njira ya kugombe popewa kudutsa pamaneaba, ndipo nkhani za m'madoko sanazikambenso.

Anthu a pachilumbapo sanamunyoze poyera. Koma wina akamatama mbewu poona masamba, amamuuza kuti akafunse kwa Kabiri, pakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.