Belu la Bedi la Pakona

Panali munthu wina wolemba mapulogalamu a kompyuta, munthu waulemu, wosatha kudutsa wodwala osamupatsa moni. Chipatala china chaching'ono chinamuitana kuti aike mabelu m'chipinda cha odwala.

Pabedi lililonse anaikapo batani. Waya wa batanilo unkakathera pa kamwendo kachitsulo mkati mwa kompyuta. Wodwala akadina, kamwendoko kankadzidzimutsa makinawo, ndipo ankasiya zonse zimene akuchita, n'kuliza belu, n'kuonetsa bedi limene laitana.

Koma timiyendoto tinali tochepa. Choncho bedi la pakona ndi bedi la pawindo anawalumikiza pa kamwendo kamodzi. La pawindo linali lopanda munthu masiku amenewo, ndiye analangiza makina kuti kamwendoko kakagwedezeka azingoti ndi pakona. Anati zinazo adzakonza.

Bambo amene ankagona pakona anamwalira. Anamwino anayalula bedi, n'kupinda matiresi. Tsiku lomwelo pawindo anagonekapo mayi wina, aNangondo, amene matenda anawapha mbali imodzi n'kuwalanda mawu. Anawatchingira katani kuti dzuwa lisawaotche.

M'mawa mwake, masanasana, belu linalira. Makina anati pakona.

Namwino anathamanga, n'kupeza zitsulo zokhazokha za bedi, batani likulendewera. Anaima pakhomo, n'kubwerera. Linaliranso. Anapita awiri atagwirana mikono. Pakonapo panalibe munthu, koma ntchentche imodzi ikuyenda pamatiresi opinda aja. Posakhalitsa anamwino anayamba kulambalala khomo limenelo, kulowa pokhapokha nthawi ya mankhwala, maso ali pansi.

Anamuitanitsa wa makompyuta uja.

"Achimwene, malemu aja akuitanabe," anatero namwino wamkulu. "Chotsani zinthu zanuzi, apo ayi ife tikuthawa."

"Asisi, wakufa n'kuliza belu? Afuna panado?" Wa makompyutayo anaseka, koma kuseka kwake sikunafike patali, pakuti belu linalira ali pomwepo, batani la pakona ali nalo m'manja, osalidina.

Anawamvera chisoni anamwino aja. Anakhala pansi n'kulemba mzere umodzi wokha, wouza makina kuti kamwendo kameneko asakamverenso, osakumbukira kuti bedi la pawindo lili pa kamwendo komweko. Chipatala chonse chinati zii. Anamupangira tiyi, wina n'kumugawira mandasi ake.

Madzulo a tsiku lotsatira mayi wokolopa anakankha katani wa pawindo, atatenga mafuta pang'ono oti awadzoze aNangondo milomo, poti dzulo lake anaiona itang'ambika. Anawapeza atazizira kale. Maso anali kukhomo. Chala chachikulu cha dzanja la mbali imene matenda sanaiphe chinali chitakanikizabe batani, moti anachita kuchikanganula.

Ana anga, wa makompyuta uja sanali woipa. Anangofuna kuti anzake apume. Koma kuitana kukamabwera mobwerezabwereza kuchokera kumene mukuganiza kuti kulibe munthu, musathamangire kutseka khutu. Dzukani, mufunse aliyense amene ali pa waya umenewo, mmodzimmodzi, kuti, "Kodi ndinu?" M'nyumba muno mulinso ena amene kulira kwawo kumamvekera pa dzina la wina.