Mayeso Makumi Anayi a Che Sanudi

Pemphero la Swala ya masana litangotha, Che Sanudi anatulukira pakhonde la madrasa ali wefuwefu, laputopu ili kukhwapa. Anali katswiri wolemba mapulogalamu, ndipo ukatswiri wakewo sankaubisa ngakhale pang'ono. Anali atapanga tsamba la pa intaneti loti makolo azilembetserapo ana awo pafoni. Tsambalo linali loti litsegulidwe m'mawa mwake, malo a ana ali ochepa.

Anapeza Shehe Twaibu, mkulu wa madrasayo, akusoka chikuto cha buku. Atapatsana salamu, Sanudi anayamba kufotokoza mosapumira. Anati walemba mayeso makumi anayi, oyesa kachidutswa kalikonse ka tsambalo pakokha, ndipo onse adutsa, pagalasi pangoti biriwiri. Chimwemwe chinamukulira.

Shehe anayamika Mulungu, napempha kuti nawonso ayeseko. Ndi chala chimodzi analemba dzina la Asiyatu, mwana wa mayi wina wamasiye wa kuseri kwa msika. Pofunika nambala ya foni ya bambo anasiya popanda kanthu. Atadina, tsamba linangoti mbee, kenako linalavula mizere ya Chingerezi yoopsa ngati kalata ya kukhoti.

Sanudi anaseka kaseko kamanyazi. Anati malangizo ogwira zolakwika zotere anaikamo kale, oti tsamba lizimuuza munthu mwaulemu chochita, kungoti sanawalembere mayeso poti zoterezi n'zapatalipatali.

"Shehe, mundikhululukire, koma munthu angayese bwanji vuto lisanagwe?"

"Che Sanudi, munaphunzira pakhonde pomwe pano. Tsiku limene ndinakuphunzitsani tayamamu, kudziyeretsa ndi dothi madzi akasowa, kodi mjigo unali utauma?"

"Ayi, Shehe, madzi ankatuluka. Koma munatigwaditsabe pafumbi, n'kutibwerezetsa katatu."

Atangonena zimenezi Sanudi anadzazidwa ndi chimwemwe chatsopano, pakuti anaona kumene nkhani inkalowera. Shehe anaika singano pansi.

"Ndinatero kuti madzi akadzasowadi, manja anu adzakhale akudziwa kale chochita. Mawa mayi ake a Asiyatu akaona zimene taonazi, sadzati makina alakwa. Adzati madrasa yamukana mwana wanga chifukwa alibe bambo, ndipo sadzabweranso. Pitani mukalilakwitse dala tsamba lanulo. Mulimane nambala, mulidulire netiweki, ndipo cholakwika chilichonse muchilembere mayeso ake, kufikira litaphunzira kuyankha wamasiye mwaulemu."