Agulugufe pa Khoma la Damu

Panali mayi wina amene ntchito yake inali kuimitsa madzi. Anali injiniya, monga mmene inu ophunzira mukhalire mukatuluka pakhomo ilo. Dzina lake sindikuuzani, chifukwa ndimakudziwani: muyamba kufunsana kuti anaphunzira kuti, nkhani yanga n'kukudutsani.

Mayiyo anamanga damu pakati pa mapiri awiri, kumtunda kwa mudzi umene unkavutika ndi chilala. Khoma lake linali la dothi. Mukudziwa mmene khoma lotere limakwerera: mumathira dothi pang'ono, kuliwaza madzi, kulitsendera ndi chimakina cholemera mpaka lilimbe, kenako n'kuthira lina pamwamba. Khoma litafika theka, chimakina chotsendera chija chinawonongeka. Mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo akuluakulu anali atalengeza kale tsiku lotsegulira damulo. Kwa masiku awiri mayiyo analola kuti dothi lithiridwe louma, malole onyamula dothilo n'kumangoyendapo uku ndi uku. Dothi la masiku awiriwo linali lofiira, lochokera pa dzenje lina lapafupi. Lina lonse linali lakuda. Chimakina chitakonzedwa, lakuda linakwirira lofiira. Papepala mayiyo analemba kuti zonse zatsenderedwa bwino, n'kusaina dzina lake.

Damu linadzaza. Kunsi kwake kunabadwa madimba, ndipo anthu anatsika kukamanga nyumba m'chigwa momwemo, pafupi ndi mbewu zawo. Pamwamba pa khoma anaimikapo mwala wolembedwa dzina la mayiyo. Zinapita zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo masiku awiri aja anagona tulo mumtima mwake.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, anabwera kudzayendera damulo monga ankachitira chaka ndi chaka mvula isanagwe. Dzuwa linali likuswa mtengo. Mapiri ankaoneka ngati akuyandama, ndipo nyenje zinkalira osapuma mpaka munthu kuiwala kuti zikulira. Udzu wonse wa pa khoma unali utauma, kupatula malo amodzi cha m'munsi, aakulu ngati mphasa. Pamenepo panali pobiriwira. Panatera agulugufe oyera osawerengeka, akutsegula ndi kutseka mapiko pang'onopang'ono.

Kunena zoona, malowo anali okongola. Ine ndinawaonapo malo otere, ndipo mtima umangofuna kuti ukhale pansi uziyang'ana.

Mlimi wina, a Gwedeza, anamupeza ataima pomwepo. Nyumba yawo, ya chitseko chabuluu, inali yoyambirira kunsi kwa khoma.

"Mwakaona kakasupe kathu, mayi?" anatero akumwetulira. "Katumphuka chaka chino chomwe. Madzi ake kuzizira, a pa mjigo sangafikeko. Akazi anga akuti ndi madalitso."

"Bambo, mungandibwerekeko tambula yagalasi?"

A Gwedeza anakatenga. Mayiyo anatunga madzi a pa kasupeyo, n'kuika tambula pa mwala kuti madziwo adikhe. Madzi odutsa m'khoma akakhala oyera, ndiye kuti akungodutsa. Akanyamula dothi, ndiye kuti akulidya khomalo m'kati. Mayiyo anakhala pa mthunzi wa mthethe kudikira, ndipo kutentha kunamulemetsa zikope.

Analota akuyenda m'kati mwa khoma. Dothi linkamupatukira ngati nsalu yotchinga pakhomo. Munali mozizira ndi mwabata. Anaona mizere yonse ya dothi, umodzi pamwamba pa unzake, uliwonse ndi tsiku lake: uwu ndi wa tsiku limene antchito anaimba kuyambira m'mawa, uwu ndi wa tsiku limene kunawomba kamvulumvulu. Anatsika mpaka anafika pa mzere wofiira. Mmenemo madzi ankayenda mwakachetechete, osafulumira, akusenza kamchenga kamodzikamodzi. Kenako m'madzimo munayamba kudutsa zinthu, zikuyandama mwapang'onopang'ono: lichero, nsapato ya mwana wasukulu, chitseko chabuluu.

Atadzidzimuka, mthunzi unali utangosuntha pang'ono. Ananyamula tambula ija n'kuiyang'ana padzuwa. Pamwamba madzi anali mbee. Pansi panali kadothi kochepa, kopyapyala ngati chikhadabo. Kanali kofiira.

Apa ndiye mvetserani, inu akumbuyoko. Panalibe wina wodziwa za dothi lofiira. Antchito aja anabalalika kalekale. Pepala linkati zonse zili bwino. Akanatha kulemba kuti, "Pali kachinyezi pang'ono, tiziyang'anira," ndipo palibe akanamutsutsa. Mawu amenewo ife mainjiniya timawakonda kwabasi, chifukwa sanama koma sanenanso zoona. Khoma likanatha kupirira mvula ina, mwina ziwiri. Mwinanso ayi. Mayiyo anachita mantha, anachitanso manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene anakula.

Anapempha a Gwedeza kuti aitane anthu a m'chigwa. Atasonkhana pa khoma, anaima pafupi ndi mwala wa dzina lake, tambula ili m'manja.

"Makolo anga, khoma ili likudyeka m'kati," anatero. "Olakwa si antchito, si mvula. Ndine. Pomanga ndinalola dothi losatsendera, n'kulemba kuti linatsenderedwa. Madziwa ayenera kutuluka mvula isanabwere, kuti tikumbe khoma tikonze."

Kenako a Gwedeza anavula chipewa n'kuchipinda m'manja.

"Mayi, tomato wanga wangoyamba kumene maluwa. Chigwa chonsechi chikumwa damu limeneli. Mutiumitsire madimba chaka chathunthu chifukwa cha kadothi ka m'tambula? Dikirani tikolole kaye. Khomali laima zaka zonsezi, lingagwe lero?"

"Tsiku lake sindikulidziwa, bambo, n'chifukwa chake sindingadikire. Ndikadikira tomato, mvula itipeza damu lili lodzaza. Pepani."

Anaimbira foni akuluakulu ake n'kuwauza zomwezo, osachotsapo liwu. Atatero anapita pa chiwongolero chachitsulo chotsegulira mpopi waukulu wa pansi pa damu. Chinali chitachita dzimbiri. Anachikoka yekha, anthu akungomuyang'ana. Chinalira, n'kutembenuka.

Madzi anatsika tsiku ndi tsiku, akupita kumtsinje. Ngalande zothirira madimba zinauma. Zitsa za mitengo yakale zinatulukira m'damu, akakowa n'kumayenda m'matope pakati pa zitsazo. Kakasupe kaja kanaphwa, agulugufe anachoka. Tomato wa a Gwedeza anayoyola maluwa, ndipo chigwa chonse chinafota. Wina anazula mwala wa dzina uja n'kuugubuduzira kunsi. Ku ofesi anamuchotsa mayiyo pa mpando wake, n'kumusiyira ntchito imodzi yokha, yokonza chimene anawononga.

Atakumba khoma n'kufika pa mzere wofiira, anapeza una wolowa m'kati. A Gwedeza, amene sanamulankhule mayiyo chiyambire tsiku lija, anabwera kudzaona. Anagwada n'kupisamo mkono. Unalowa mpaka m'phewa osagunda kanthu. Ali chigwadire anatembenuka kuti aone kumene unawo waloza. Unaloza pa chitseko chawo, pamene akazi awo anali kuyanika zovala za ana. Anatulutsa mkono, n'kupukuta dothi lofiira pa thalauza. Kenako anatsika kukatenga khasu lawo, kudzathandiza kukumba. Zikomo sananene, ndipo mayiyo sanayembekezere kuti anene.

Mvula ya chaka chimenecho inachedwa mpaka khoma litakonzedwa, koma itabwera inagwa masiku asanu ndi anayi osaleka. Damu linadzaza mpaka pakamwa. M'chigwa simunachitike kanthu. Anthu anadzuka, anasesa pabwalo, ana anapita kusukulu.

Tsono inu amene mawa muyamba kusaina mapepala, musachoke pano mukuti mayiyu anali ngwazi. Masiku ake awiri aja anagonetsa chigwa chonse ndi njala chaka chathunthu, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero. Aliyense wa inu lidzamufikira tsiku limene chimakina chawonongeka, mitambo yasonkhana, akuluakulu akuyang'ana wotchi. Tsiku limenelo imitsani ntchito, ngakhale akutukwaneni. Koma ngati mudzafooke n'kukwirira dothi lanu lofiira, ndiye tsiku limene mudzaone pobiriwira m'chilimwe musadzaime n'kumasirira agulugufe. Mudzabwereke tambula, ndipo chimene mudzaone pansi pake mudzachinene ndi pakamwa panu, pamaso pa eni chigwa. Kunsi kwa chilichonse chimene mudzamange kuli munthu amene akuyanika zovala za ana ake. Sakuyang'ana kumtunda, chifukwa akudalira inu.